Mafonti m'mabuku a pazipangizo zamakono

Fonti ndi fayilo ya pakompyuta imene imasunga kaonekedwe ka zilembo, manambala ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Buku lowerengera pa foni, pa tabuleti kapena pa chipangizo chowerengera mabuku monga Kindle ndi Kobo, limene ambiri amalitchula kuti e-book, silikhala ndi zilembo zodindidwa kale ngati buku la pepala. M'kati mwake mumakhala manambala oimira zilembo, ndipo fonti ndiyo imasandutsa manambalawo kukhala zilembo zooneka pa sikirini. Wokonza buku angathe kusiya kuti chipangizo cha wowerenga chigwiritse ntchito mafonti akeake, kapena angaike fonti m'kati mwa fayilo ya bukulo kuti iziyenda nalo kulikonse kumene latumizidwa.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri mabuku a m'zinenero za ku Malawi. Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka zili ndi chilembo cha ŵ, chimene mafonti ena alibe, ndipo mawu a zinenerozi sadulidwa potsatira malamulo a Chingerezi. Imakhudzanso ana amene akuphunzira kumene kuwerenga ndi anthu amene ali ndi vuto losaona bwino, monga ophunzira amene aphunzitsi awo amaphunzitsidwa pa koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.

Mbiri

Kale osindikiza mabuku ankagwiritsa ntchito zilembo zachitsulo zimene ankazindandalika chimodzichimodzi. Chilembo chimene sichinali m'bokosi la wosindikiza sichikanatheka kudindidwa pokhapokha atachiitanitsa kwa osula zilembo. Mabuku oyambirira a Chinyanja, monga dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya mu 1892 ndi Buku Lopatulika la mu 1922, anatuluka m'nyengo ya zilembo zachitsulozi.

Makompyuta atafika, vutoli linangosintha nkhope. Makompyuta oyambirira ankazindikira zilembo za Chingerezi zokha, kenako anawonjezera za zinenero za kumadzulo kwa Ulaya. Dongosolo la Unicode, limene linatuluka koyamba mu 1991, linabwera kudzapereka nambala yakeyake kwa chilembo chilichonse cha m'zinenero za pa dziko lapansi. M'chaka chomwecho kampani ya Apple inatulutsa mafonti a mtundu wa TrueType, ndipo mu 1996 makampani a Microsoft ndi Adobe analengeza za mtundu wa OpenType. Mitundu iwiriyi ikugwirabe ntchito mpaka pano, pamodzi ndi WOFF ndi WOFF2 imene ndi mafonti omwewo koma opanikizidwa kuti achepe.

Kampani ya Sony inatulutsa chipangizo chowerengera mabuku cha Librié mu 2004, ndipo Amazon inatulutsa Kindle mu 2007. M'chaka cha 2007 chomwecho bungwe la IDPF linakhazikitsa mtundu wa fayilo wa EPUB. EPUB 3 inatuluka mu 2011, ndipo kuyambira mu 2017 ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la W3C, limene limayang'aniranso malamulo a masamba a pa intaneti.

Mmene fonti imaikidwira m'buku

Fayilo ya EPUB kwenikweni ndi phukusi la zip. M'kati mwake mumakhala mitu ya buku yolembedwa mu XHTML, fayilo ya CSS yofotokoza kaonekedwe ka masamba, zithunzi, ndi mndandanda wa zonse zimene zili m'phukusimo. Kuti fonti igwire ntchito pamafunika zinthu zitatu. Choyamba, fayilo ya fontiyo iikidwe m'phukusi ndi kulembedwa pa mndandanda. Chachiwiri, mu CSS mulembedwe lamulo la @font-face lotchula dzina la fonti ndi pamene ili. Chachitatu, mutchulidwe ndime kapena mitu imene igwiritse ntchito fontiyo. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, buku limatsegukabe koma ndi fonti ina, ndipo nthawi zambiri chipangizo sichichenjeza n'komwe.

Fonti imodzi imakhala ndi mafayilo angapo. Buku wamba limafuna anayi: la zilembo zoongoka, la zopendekera, la zonenepa, ndi la zonenepa zopendekera. Likasowa limodzi, chipangizo chimangopendeketsa kapena kunenepetsa chokha zilembo zoongoka, ndipo zotsatira zake sizioneka bwino.

Mabuku a Kindle ali ndi mitundu yawoyawo ya mafayilo. Mtundu wa KF8, umene unalengezedwa mu 2011, ndiwo unayamba kulola mafonti a m'kati mwa buku. Ngakhale zili choncho, wowerenga ndiye amakhala ndi mphamvu yomaliza: angasankhe fonti ya wosindikiza kapena ina ya m'chipangizo chake. Mapulogalamu ambiri owerengera EPUB pa foni amachitanso chimodzimodzi, ndipo ena salabadira n'komwe mafonti a wosindikiza.

PDF, imene Adobe inatulutsa mu 1993, ndi yosiyana. Tsamba la PDF limakhala lokhazikika ngati la pepala, ndipo mafonti kawirikawiri amaikidwamo nthawi imene fayiloyo ikupangidwa. Ku Malawi manotsi a kusukulu ndi mapepala a mayeso akale amafalitsidwa kwambiri mu PDF kudzera pa WhatsApp. Ubwino wake ndi wakuti zilembo zimaoneka chimodzimodzi pa foni iliyonse. Kuipa kwake ndi kwakuti tsamba lokonzedwera pepala la A4 limachepa kwambiri pa foni, ndipo munthu akalikulitsa amayenera kumalikankhira kumanja ndi kumanzere pa mzere uliwonse. Mu EPUB mawu amadzikonza okha kuti akwane pa sikirini, kaya zilembo zakula motani.

Chilembo cha ŵ

Chilembo cha ŵ ndi w wokhala ndi kachizindikiro kooneka ngati tsindwi la nyumba pamwamba pake. Chimapezeka m'mawu monga Malaŵi, Chicheŵa, kuŵala, maŵa ndi aŵiri. Nyuzipepala ndi mabuku ambiri a masiku ano sachilemba, koma chimapezeka m'mabuku ena odziwika, kuphatikizapo Buku Loyera la mu 1998. M'Chiyao ndi m'Chitumbuka chimabwera pafupipafupi kuposa m'Chichewa, chifukwa chili m'mawu a tsiku ndi tsiku monga ŵandu ndi ŵanthu, amene onse amatanthauza anthu. Boma la Chiradzulu lili ndi Ayao ambiri pamodzi ndi Alomwe ndi anthu a mitundu ina, choncho buku la nthano kapena la mapemphero lolembedwera anthu a kumeneko likhoza kukhala ndi chilembochi pa tsamba lililonse.

Mu Unicode, Ŵ wamkulu ali pa nambala U+0174 ndipo ŵ wamng'ono ali pa U+0175. Mafonti ambiri otchuka ali nacho chilembochi, makamaka chifukwa chakuti chimagwiranso ntchito m'chinenero cha ku Wales. Koma mafonti ambiri okongoletsera, ndi ena aulere otengedwa pa intaneti, amangothera pa zilembo za Chingerezi ndi zochepa za zinenero za kumadzulo kwa Ulaya.

Pali mavuto awiri amene anthu amakonda kuwasokoneza. Loyamba ndi la fonti. Fonti ikasowa chilembo, chipangizo chimabwereka chilembocho ku fonti ina, moti ŵ amaoneka wamkulu, wowonda kapena wopendekera mosiyana ndi anzake pa mawu omwewo. Chikalephera kupeza kobwereka, chimaika kabokosi kopanda kanthu. Lachiwiri ndi la kasungidwe ka mawu. Ngati fayilo yosungidwa mu UTF-8 yawerengedwa ngati ya dongosolo lakale la Windows-1252, limene mulibe ŵ, dzina la Malaŵi limasanduka MalaÅµi. Vuto lachiwirili silitha posintha fonti. Limatha pokhapokha fayiloyo itasungidwa ndi kuwerengedwa mu UTF-8.

Pali njira ziwiri zolembera ŵ pa kompyuta. Ina ndi kulemba chilembo chimodzi chathunthu, ina ndi kulemba w kenako kusanjikapo kachizindikiro kapadera. Njira yachiwiri imadalira kuti fonti idziwe poika kachizindikiroko, apo ayi kamagwera pambali. M'mabuku ndi bwino kugwiritsa ntchito njira yoyamba m'buku lonse, chifukwa kusakaniza kumachititsanso kuti mapulogalamu ena asapeze mawu pofufuza.

Nkhodolero, kamvekedwe ka mawu ndi kadulidwe kake

Nkhodolero imagwira ntchito yaikulu m'Chichewa kuposa kungosonyeza kuti chilembo chasiyidwa. Ndiyo imasiyanitsa ng'oma yoimba ndi ngoma, nyama ya kutchire. Imapezekanso m'mawu monga m'nyumba ndi n'zoona. Pa kompyuta pali nkhodolero yoongoka, U+0027, ndi yopindika, U+2019. Zonse ziwiri zimawerengeka, koma buku limaoneka bwino likatsatira imodzi. Fonti yabwino ya Chichewa iyenera kukhala ndi nkhodolero yooneka bwino ngakhale zilembo zitachepa, yosagundana ndi g kapena m, ndiponso yosasiya mpata waukulu umene ungachititse mawu amodzi kuoneka ngati awiri.

M'kalembedwe ka tsiku ndi tsiku Chichewa sichisonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, koma mabuku a akatswiri a zinenero ndi ena ophunzitsira alendo amasonyeza. Mwachitsanzo, amalemba mténgo ponena womera m'nthaka, ndi mtengo ponena wa malonda. Zizindikiro za pamwamba pa a, e, i, o ndi u zili m'mafonti ambiri, koma mabuku oterewa nthawi zina amaika chizindikiro pa m kapena n, monga ḿ, ndipo chilembo chimenechi sichipezeka m'mafonti onse. Mabuku a mtundu umenewu, monga madikishonale ndi zolemba za kafukufuku ngati wa bungwe la Centre for Language Studies ku Zomba, ndiwo amafunikiradi fonti yawoyawo m'kati.

Nkhani ina yoyenderana ndi fonti ndi kadulidwe ka mawu kumapeto kwa mzere. Mawu a Chichewa amatalika chifukwa mneni mmodzi amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani. Pafupifupi maphatikizo onse amathera pa lembo la liwu, choncho mawu akuti ndinakumbukira amadulidwa kuti ndi-na-ku-mbu-ki-ra. Chipangizo chikaganiza kuti buku ndi la Chingerezi, chikhoza kuika mdulamawu pakati pa m ndi b, kapena kugawa nkh, mph ndi ng'. N'chifukwa chake m'fayilo ya buku muyenera kulembedwa chizindikiro cholondola cha chinenero: ny cha Chichewa, yao cha Chiyao, tum cha Chitumbuka ndi lon cha Chilomwe cha ku Malawi. Mawu ataliatali amachititsanso mipata ikuluikulu pakati pa mawu ngati mizere ikukakamizidwa kulingana mbali zonse ziwiri. Pa sikirini yaing'ono mizere yolingana kumanzere kokha imawerengeka bwino.

Zilembo za Mwangwego

Chitsanzo cha zolemba zimene sizingaoneke popanda fonti yapadera ndi zilembo za Mwangwego. Nolence Mwangwego anayamba kuzikonza mu 1979 kuti zizilembera zinenero za ku Malawi, ndipo zinakhazikitsidwa poyera mu 1997. Zimalembedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo chizindikiro chilichonse chimaimira phatikizo lathunthu. Pamene Unicode 16.0 imatuluka mu 2024, zilembozi zinali zisanalowemo. Zilembo zikakhala kunja kwa Unicode, opanga mafonti amaziika pa manambala a zilembo zina kapena pa manambala amene anasiyidwa kuti aliyense awagwiritse ntchito mmene akufunira. Buku lolembedwa motere limawerengeka ngati fonti yake ili momwemo ndipo chipangizo chailola. Wowerenga akangosintha fonti, tsamba lonse limasanduka timabokosi kapena zilembo zopanda tanthauzo. Pa chifukwa chimenechi zolemba zotere zimasungika bwino mu PDF.

Chilolezo

Fayilo ya fonti ili ndi mwini wake monga pulogalamu ina iliyonse. Kupezeka kwa fonti pa kompyuta sikutanthauza kuti munthu ali ndi ufulu woigawa. Popeza EPUB ndi phukusi limene aliyense angalitsegule, kuika fonti m'buku n'chimodzimodzi kupereka fayiloyo kwa aliyense amene walandira bukulo. Mafonti obwera ndi Windows kapena Microsoft Office, monga Times New Roman ndi Calibri, chilolezo chake wamba chimalola kuwaika m'zikalata zina monga PDF, koma sichilola kugawa mafayilo ake. M'mafonti a TrueType ndi OpenType mulinso kachizindikiro kotchedwa fsType kamene kamauza mapulogalamu ngati mwini wake walola kuti fontiyo iikidwe m'zikalata.

Pofuna kuteteza mafonti ogulitsa, malamulo a EPUB ali ndi njira yosokoneza mabaiti 1040 oyambirira a fayilo pogwiritsa ntchito nambala yodziwitsa bukulo. Fonti yotere sigwira ntchito ikatulutsidwa m'buku, ngakhale munthu wodziwa akhoza kuibwezeretsa mosavuta. Njira ina ndi kuchotsa zilembo zonse zimene bukulo silinagwiritse ntchito. Izi zimachepetsanso kukula kwa fayilo, zimene zimathandiza owerenga ogula mabandulo ang'onoang'ono a intaneti. Koma ntchitoyi iyenera kuchitika pomaliza, chifukwa ngati buku lakonzedwanso n'kuwonjezeramo chilembo chimene chinachotsedwa, kabokosi kaja kamabweranso.

Osindikiza ang'onoang'ono, masukulu ndi mipingo amathandizidwa kwambiri ndi mafonti okhala ndi chilolezo cha SIL Open Font License. Chilolezochi chimalola kugwiritsa ntchito fonti, kuisintha ndi kuiika m'mabuku, ngakhale ogulitsa, popanda kulipira, bola fontiyo isagulitsidwe payokha.

Kusankha fonti

Zipangizo zowerengera mabuku zimagwiritsa ntchito sikirini ya E Ink, yokhala ndi timakapisozi tosaoneka ndi maso momwe muli tinthu takuda ndi toyera timene timasuntha ndi mphamvu ya magetsi. Sikiriniyi imadya moto makamaka posintha tsamba, ndipo imawerengeka ngakhale padzuwa. Kindle yoyamba inali ndi timadontho 167 pa inchi, pamene zina za mu 2014 ndi 2015 zinafika pa 300. Pa sikirini ya timadontho tochepa, mizere yopyapyala ya zilembo imazimiririka. N'chifukwa chake mafonti owerengera amakhala ndi mizere yolimba, zilembo zing'onozing'ono zotalikirapo, ndi mipata yotseguka m'kati mwa a, e ndi o.

Mafonti amagawidwa m'magulu awiri akuluakulu: okhala ndi timichira kumapeto kwa zilembo, timene timatchedwa serif, ndi opanda timichira. Mabuku a nkhani zazitali mwamwambo amagwiritsa ntchito a timichira, koma onse awiri amawerengeka ngati apangidwa bwino. Ena mwa mafonti odziwika ndi awa:

Bookerly anapangidwa ndi kampani ya Dalton Maag kuti akhale wa Kindle, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2015 m'malo mwa Caecilia. Ndi wa Amazon ndipo saikidwa m'mabuku a ena.

Literata anapangidwa ndi TypeTogether kuti akhale wa Google Play Books mu 2015, ndipo pambuyo pake anaperekedwa kwaulere.

Georgia, wa Matthew Carter, anapangidwira Microsoft kuti aziwerengeka pa sikirini.

Charis SIL ndi Gentium ndi a bungwe la SIL. Ali ndi zilembo ndi zizindikiro zambiri za zinenero za mu Africa, kuphatikizapo ŵ ndi za kamvekedwe ka mawu.

Noto ndi banja la mafonti a Google limene cholinga chake ndi kuthetsa timabokosi m'zinenero zonse za mu Unicode. Mafoni ambiri a Android amabwereka zilembo zosowa ku banja limeneli.

Ana ndi owerenga osaona bwino

Mwana wa sitandade 1 amaphunzira kulemba a ndi g a mimba imodzi, monga mmene aphunzitsi amalembera pa bolodi, koma mafonti ambiri a m'mabuku ali ndi a ndi g a kaonekedwe kena. Fonti ya Andika, imene dzina lake m'Chiswahili limatanthauza kuti lemba, inapangidwa ndi SIL poganizira ongoyamba kumene kuwerenga. Zilembo zake zimafanana ndi zolemba pamanja, ndipo I wamkulu, l wamng'ono ndi nambala 1 sizisokonezeka. Kusiyana kumeneku n'kofunika m'Chichewa, mmene l amabwera pafupipafupi m'mawu monga lili, ili ndi ali. Nkhani ya zilembo za pa sikirini yakula m'masukulu a pulayimale kuyambira mu 2023, pamene boma la Malawi linayamba ndondomeko ya BEFIT yopereka matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu m'Chichewa kwa ana a sitandade 1 mpaka 4. Nthano za ana za m'Chichewa ndi Chinyanja zimapezekanso kwaulere ku African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa.

Ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene kulinso Catholic University of Malawi, kuli koleji ya Montfort imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ena ofunika thandizo lapadera pa maphunziro. Si ana onse a vuto la maso amene amawerenga zilembo za Braille. Ambiri, kuphatikizapo ana achialubino, amaona pang'ono ndipo amafunika zilembo zikuluzikulu. Pa pepala izi zimafuna kusindikiza buku lapadera la zilembo za saizi 16 kapena 18, limene limadya mapepala ambiri. Mu EPUB buku limodzi lomwelo limakwanira onse, chifukwa aliyense amakulitsa zilembo, kutalikitsa mizere ndi kusintha mtundu wa tsamba mmene maso ake akufunira.

Mwayi umenewu umatayika ngati wokonza buku wakhoma kukula kwa zilembo, wakakamiza mtundu wake, kapena waika mawu ngati chithunzi. Mawu a pa chithunzi sakulitsika bwino ndipo mapulogalamu owerengera anthu osaona mokweza sawazindikira. Pali mafonti opangidwira owerenga otere, monga Atkinson Hyperlegible wa bungwe la Braille Institute la ku America, amene anatuluka mu 2019, ndi OpenDyslexic amene amapezeka pa Kindle ndi Kobo. Pangano la Marrakesh la mu 2013, limene Malawi inalowamo mu 2017, limalola kuti mabuku asinthidwe kukhala m'njira zimene anthu osaona ndi ena ovutika kuwerenga zodindidwa angathe kugwiritsa ntchito.

Nthawi yoyenera kuika fonti

Okonza mabuku ambiri amatsatira mfundo yakuti fonti iikidwe m'buku pamene pali chosowa chenicheni. Buku la nthano la Chichewa lopanda zilembo zapadera likhoza kusiyidwa kuti liwerengedwe ndi fonti imene wowerenga wasankha, ndipo fayilo yake imakhala yopepuka. Dikishonale, buku la malamulo a chinenero, buku la ana oyamba kuwerenga, kapena lolembedwa m'zilembo za Mwangwego limafunika fonti yakeyake. Ngakhale pamenepo, mu CSS mumatchulidwanso fonti ina yoti ilowe m'malo ngati yoyambayo yakanidwa.

Mapulogalamu aulere a Sigil ndi Calibre amathandiza kuika mafonti ndi kuwachepetsa, ndipo EPUBCheck imaunika ngati phukusi lonse latsatira malamulo. Koma EPUBCheck siiona mmene zilembo zikuonekera. Izi zimadziwika potsegula bukulo pa zipangizo zosiyanasiyana, makamaka pa foni yotsika mtengo ya Android, popeza ku Malawi anthu ambiri amawerengera pa foni osati pa Kindle. Poyesa amayang'ana Ŵ ndi ŵ m'zilembo zoongoka, zopendekera ndi zonenepa, nkhodolero ya mu ng' ndi m', kadulidwe ka mawu ataliatali, ndi mmene tsamba likuonekera zilembo zikakulitsidwa mpaka pamapeto.